Dothi Silidutsa

Ndinafika mazenera asanatsegulidwe,
nditafungatira chitini cha penti,
m'katimo mbande ya nachesi ya masamba khumi ndi anayi.
Ndinawawerenga m'kombi kuchokera ku Mabvuku,
kondakitala akundilipiritsa mipando iwiri.

Patsogolo panga mnyamata wa kampani ya maluwa,
foni kukhutu, mafayilo m'khwapa,
akuti matani awiri akwera ndege usiku uno.
Kumbuyo mayi wa matumba a nyemba
akuwerenga ndalama, kulavulira chala, kuyambiranso.

Pakhoma amata pepala la mitengo.
Ndinaseka ndekha.
M'chinenero cha bambo anga
ichi ndanyamulachi ndi mtengo,
chimene akufuna pazenera ndi mtengonso.
Wangawu ukulekeza m'bondo,
wa boma wandiposa msinkhu.
Ya chilolezo payokha,
yoyezera payokha,
ndipo kalata yochokera kwawoko
ndinailipira kale mwezi wa Epulo.

A Layisoni Kamwaza, bambo anga,
anachoka ku Mwanza ndi njere zisanu m'thumba la kabudula.
Anawoloka Zambezi ali chiimire,
palibe anawafunsa lisiti.
Zaka makumi atatu anathirira kapinga wa eni ku Highlands,
wawo nachesi akumera kuseri kwa nyumba ya khonsolo
ndi madzi otsukira mbale.
Ankati, ndikapuma ndipita.
Anapumadi.
Ali mzere wachitatu kuchokera kumpanda,
nambala yawo inayamba kufufutika.
Zonyamula mafupa ndinakafunsa,
ndinabwerako nditagwira pakamwa.
Ndiye ndati apite uyu.

Mai Zindoga sanandifunse zonsezi.
Anavala magolovesi, natenga kagalasi,
natembenuza tsamba ndi tsamba
monga namwino ayang'anira m'zikope za mwana.
Pa tsamba lachisanu ndi chinayi anaima.
Aka, anatero.
Kanthu koyera, kochepa kuposa njere ya mchere,
kakuyenda osafulumira, ngati kali ndi tikiti kale.
Aka kokha kangathe munda wa mudzi wonse.

Mkwiyo ndinali nawo wokonzeratu,
ndinauphika kuyambira dzulo.
Koma ndinakumbukira msuweni wanga Dofilo pafoni
chaka chija nthochi zinapinimbira kwawo,
akuti tazula zonse, mlongo, tawotcha,
matenda anabwera ndi munthu wabwinobwino
atanyamula mphukira ya mphatso.
Ndinameza.

Anapopera mankhwala. Imeneyonso ndi ina,
pazenera lachiwiri, mubwerenso Lachinayi.

Lachinayi anandiuza chomaliza,
mawu ake ofewa ngati akupepesa maliro:
chomera chidutsa, dothi silidutsa.

Pampopi wa kuseri kwa ofesi
ndinagwada n'kutsuka mizu.
Dothi lofiira la pabwalo pathu,
lomwe linamwa thovu la zovala zathu,
phulusa la mbaula, dzino langa loyamba,
linatsetsereka mu ngalande
kulowera kumene madzi a Harare amapita.
Mizu inatsala yoyera, yamanyazi,
ngati mapazi a munthu wogonekedwa m'chipatala.
Ndinaikulunga m'nyuzipepala yonyowa.

Chidindo chinagunda kawiri.
Ndalama ya matimati a miyezi itatu
inasanduka pepala limodzi la mkango wa boma.
Pamzere wa kochokera analemba Zimbabwe.
Ndinafuna kunena kuti ayi,
uyu kwawo n'komwe akupitako,
koma fomu ilibe kabokosi ka zimenezo,
ndipo mayi wa nyemba anali atandiponda kale chidendene.

Mawa basi inyamuka pa Roadport mbandakucha.
Ku Nyamapanda adzaona pepala,
ku Zobue adzaona pepala,
ku Mwanza adzalitembenuza, adzaliunika padzuwa.
Masamba atsala khumi ndi awiri.

Usiku uno sindisamba m'manja.
M'zikhadabo khumi izi
mwatsalira kofiira pang'ono,
kosakwana ndi supuni yomwe,
ndipo pa pepala lija la pakhoma
ndinayang'ana bwinobwino,
mtengo wake sanaulembe.